Makoko Sadya, Aphunzitsi!

Nayeli anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala mumzinda wa Fresno. Ankakonda mabuku kwambiri. Koma anali ndi vuto limodzi. M'kalasi sankayankhula.

Kunyumba? Ha! Kunyumba pakamwa pake sipankatseka. Ankalongolola m'Chisipanishi mpaka amayi ake kugwira makutu. Koma kusukulu, zii.

M'mabuku a kusukulu munali ana ambiri. Munali ana okwera mahatchi. Munali ana okwera sitima. Koma munalibe mwana wonga Nayeli. Munalibe chakudya cha kwawo. Choncho Nayeli ankachita manyazi. Masana ankadya matamale ake, chakudya cha kwawocho, mobisa pansi pa tebulo.

"Nayeli, tiwerengere," ankatero Aphunzitsi a Whitaker.

Nayeli ankangoyang'ana pansi.

Lachisanu lina, aphunzitsi anabwera ndi buku latsopano. Anabweranso ndi dengu lovundikira.

"Bukuli analemba ndi mayi wa konkuno," anatero. "Makolo ake anachokera ku Mexico."

Ku Mexico! Kwawo kwa bambo ake a Nayeli!

Aphunzitsi anatsegula buku. Munali mtsikana wa tsitsi loluka. Ngati la Nayeli! Munali bambo wothyola mphesa. Ngati bambo a Nayeli! Munali mphika wodzaza matamale. Ngati wa kwa Nayeli!

Nayeli anasendera pafupi kuti aone bwino.

"Lero tilawa chakudya cha m'bukumu," anatero aphunzitsi. Anavundukula dengu lija. Fungo linadzaza kalasi yonse. Mwana aliyense analandira tamale imodzi, yokulunga m'makoko a chimanga.

Aphunzitsi anatenga yawo. Anailuma ndi makoko omwe! Ana onse anatengera. Analuma ndi makoko omwe! Anatafuna, anatafuna, anatafuna.

"Iii, zikukanika kumeza!" anadandaula Harper, mtsikana wokhala kutsogolo. "Anthu amadya zimenezi?"

Nayeli sanathe kupirira. Anaimirira msangamsanga.

"Ayi, aphunzitsi! Makoko sadya!"

Ana onse anamucheukira. Nayeli anagwira pakamwa. Kodi walakwa?

Aphunzitsi anachotsa khoko m'mano. Kenako anaseka mpaka misozi.

"Mayo ine! Bwera, Nayeli. Tiphunzitse."

Nayeli anapita kutsogolo.

"Mumasenda chonchi," anatero. "Makoko a chimanga ndi chovala chabe. Chakudya chili m'kati."

Ana anasenda. Ana analawa.

"Mmm! Koma ndiye kukoma!" anakuwa Harper. "Amapanga bwanji?"

"Zili m'bukumu. Taonani!"

Nayeli anatenga buku. Analoza mawu ndi chala.

"Tinanyika makoko m'madzi. Tinapakapo ufa wokanda. Tinaikapo nyama. Tinakulunga, tinakulunga, tinakulunga."

Anawerenga tsamba loyamba. Anawerenga lachiwiri. Anawerenga lachitatu. Manyazi aja anawaiwala. Anawerenga mokweza mpaka buku lonse linatha!

Ana anaomba m'manja. Aphunzitsi anaomba kuposa onse.

"Pita nalo kunyumba," anatero. "Udzabweze Lolemba."

Nayeli sanayende. Anathamanga!

Madzulo bambo ake anabwera kuchokera kumunda wa mphesa. Anali otopa. Nsapato zawo zinali fumbi lokhalokha.

"Ababa! Ababa! Khalani pansi! Muli m'buku!"

"Ine? M'buku? Usandinamize, iwe."

Nayeli anawaonetsa chithunzi. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali. Anachisisita ndi chala.

"Ndinedi ameneyu," anatero. "Koma chipewa changa n'chokongola kuposa ichi."

"Chobooka chija?" anaseka amayi.

Onse anaseka. Nayeli anakhala pakati pawo. Anawerenga buku lonse. Bambo anati abwereze. Anabwereza.

"Lolemba ndikuikire matamale angati?" anafunsa amayi.

"Awiri, amayi. Imodzi ya Harper."

"Nanga inayo?"

"Yanga!" anatero Nayeli. "Ndipo ndikadyera pamwamba pa tebulo."