Galu Anagona Pamapazi Pake

Chingwe chinapulumuka m'dzanja la Ndaziona pa siteji ya matekisi ku Elsburg, Lachiwiri m'mawa, anthu akuthamangira ku mafakitale a ku Wadeville.

"Bisiketi! Mayo ine, Bisiketi, ima!"

Galuyo, wamkulu ngati thole, anali atalunjika bambo wina wa ovololo, mano ali pamtunda. Bamboyo anakuwa, chikwama chake cha nkhomaliro chili uko. Kenako kumbuyo kunamveka liwu losakweza koma lolemera.

"Pansi."

Bisiketi anagwa ngati amuthyola miyendo. Mimba pansi, mutu pansi, phee, pafupi ndi nsapato za mnyamata wina wamtali wa jekete yachikopa.

Ndaziona anatola chingwe. "Mwati chiyani? Ndinu wa kumudzi?"

"Wa ku Balaka, achemwali. Dzina ndine Edgar. Nanga inu?"

"Ndaziona. Kwathu n'ku Ntcheu."

"Eish! Mngoni wokongola chonchi, ndani wakulolani kuyenda nokha ndi chilombo?"

Anafuna kukwiya, koma chimwemwe chinamuthawira pakamwa. Zaka zinayi ali ku Joni, panalibe amene anamutchulapo wokongola m'chilankhulo cha amayi ake.

"Komatu ine ndimamuuza pansi tsiku lililonse, samva. Inu mwatani?"

"Galu samvera mawu, amamvera mtima wa munthu," anatero Edgar. "Ntchito yanga ndi yomweyi, ndimaphunzitsa agalu ku Nigel. Ndipatseni nambala. Ya galuyu, osati yanu."

Anamupatsa.

Bisiketi sanali wa Ndaziona. Anali wa abwana ake, Mayi Venter, mayi wamasiye wokalamba amene anakamutenga kumalo osungirako ziweto zozunzidwa. Anabwera nthiti zikuwerengeka, khosi lili ndi chilonda chozungulira cha tcheni. Pasanathe sabata, Mayi Venter anagwa m'bafa n'kuchitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Kudyetsa galu, kutsuka chilonda ndi kuyenda naye zonse zinagwera Ndaziona.

Kumudzi sankawerengera agalu. Koma uyu ankamudikira pakhomo pa kachipinda kake ka kuseri, ndipo akamupaka mankhwala ankatseka maso ngati khanda. Vuto linali amuna. Akaona mwamuna, ubweya wa pamsana unkaima. Anang'amba kale buluku la bambo wowerenga mita ya madzi, ndipo a kumalo osungira ziweto ananena mosabisa: akaluma munthu, abwerera, ndipo kumeneko n'kumubaya jekeseni yogona osadzukanso.

"Ndazi, umamudziwa ndiwe," anatero Mayi Venter ali pabedi. "Sankha womuphunzitsa. Koma mwezi uno usathe."

Tsono Edgar anabwera ngati yankho la pemphero.

Mameseji anayamba madzulo omwewo. "Galu wadya? Nanga wosunga galu wadya?" M'mawa mwake: "Ndalota Ntcheu, dziko lomwe sindinafikeko. Wandichita chiyani iwe?" Sabata isanathe anali "Mngoni wanga." Sabata yachiwiri anali "dali." Lamulungu anapita naye ku Germiston kukadya nkhuku yootcha, ndipo pobwerera anamugwira dzanja m'tekisi, anthu onse akuona.

"Disembala tikwera basi limodzi," anamunong'oneza. "Ndikaonekere kwa amalume ako. Ndatopa n'kudya ndekha m'dziko la eni."

Kodi mtima wa munthu ndi mwala? Ndaziona anafika m'chipinda chake n'kuwerenganso mameseji onse kuyambira woyamba.

Nthawi iliyonse imene Edgar wabwera pageti, Bisiketi sankauwa. Ankagona pansi. Edgar akati "kumbuyo," ankabwerera. Akati "dikira," sankasuntha ngakhale ntchentche imutere pamphuno. Ndaziona anajambula pa foni n'kukaonetsa abwana ake.

"Koma galu wotere saphunzirira pakhomo," Edgar anamuuza tsiku lina. "Ndimutenge ku Nigel, milungu iwiri basi. Adzabwera wosinthika. Loweruka la pa 30 ndibwera ndi galimoto ya baki."

"Ndizidzamuona?"

"Ayi, dali. Ungamusokoneze."

Anatulutsa m'thumba lamba wa m'khosi wachitsulo, wokhala ndi timano toloza m'kati. Ndaziona anayang'ana timanoto, n'kuyang'ana khosi limene anali atangolipoletsa kumene.

"Sizimupweteka zimenezi?"

"Pang'ono. Nawenso sukulu unaphunzira popanda chikoti? Undikhulupirire."

Anavomera ndi mutu, maso akadali pa timanoto.

Panali munthu winanso. A kumalo osungira ziweto anali atatumiza dzina la Mayi Deborah, Mmalawi wa ku Mulanje amene anagwira ntchito ya agalu zaka khumi ndi chimodzi. Edgar atamva anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Aja ophunzitsa agalu ndi chiwindi cha nkhuku? Galu woluma umunyengerera ngati mkamwini? Usandichititse manyazi, Mngoni wanga."

Koma Mayi Venter analimbikira kuti aonedwe onse awiri. Choncho Lachinayi, kutatsala masiku awiri, mayi wamfupi wa duku ndi nsapato za jombo anagogoda pageti.

Bisiketi anauwa mpaka thovu. Mayi Deborah sanamuyang'ane n'komwe. Anapempha ndowa, anaivundikira pakati pa bwalo, nakhalapo chammbali. Mwa apo ndi apo ankaponya kachiwindi kouma chakutali, akucheza ndi Ndaziona za mitengo ya basi ya ku Blantyre. Panapita mphindi makumi anayi. Galuyo anasiya kuuwa, anatola chiwindi, anasendera phazi limodzi, kenako n'kubwerera.

"Lero takwana," anatero mayiwo.

"Basi? Simunamugwire n'komwe!"

"Wasendera yekha. Zimenezo n'zazikulu. Mwanawe, ine sindinama: miyezi itatu, mwina kuposa. Aphunzirira pomwe pano, ndipo wophunzira weniweni ndinu. Pamsewu muziyenda naye atavala chotchinga pakamwa, kutali ndi siteji. Sindikulonjeza kuti adzakonda amuna. Ndikulonjeza kuti sitidzamumenya."

Miyezi itatu! Ndaziona anatulutsa foni monyada.

"Taonani izi, amayi. Wina anachita tsiku limodzi."

Mayi Deborah anaonera kanemayo. Anamubwezera poyamba. Kachitatu anamuimitsa pakati n'kukulitsa ndi zala.

"Munthuyu munakumana naye liti?"

"Milungu itatu yapitayo. Bwanji?"

"Galu amene akuphunzira amalakwitsa. Amakuyang'ana kumaso ngati akufunsa kuti, kodi ndi chonchi? Uyu wagwa pansi mawu asanathe. Taonani mchira pomwe uli, pakati pa miyendo. Akuyasamula, akunyambita milomo. Ndipo maso ake sali pankhope, ali padzanja lamanja. Uku si kuphunzira, mwanawe. Akukumbukira."

"Akukumbukira chiyani?"

Mayiwo anabweza foni pang'onopang'ono. "A kumalo osungira ziweto anamupeza ku Tsakane, kuseri kwa malo ogulitsira zitsulo zakale, ali pa tcheni popanda madzi. Mwini wake ankabwereketsa agalu kwa alonda. Ataona galimoto ya oyendera ziweto, anathawa. Nkhope yake sindinaione, ndipo sindikunena kuti ndi ameneyu. Koma musanapereke chingwe, mufunseni."

"Mukungofuna ntchitoyi!" Mawu anatuluka asanawayeze.

"N'zoona, ndikuifuna," anatero Mayi Deborah akubweza ndowa pamalo pake. "Koma mukasankha wina, sankhani wolola kuti muzionerera. Nambala yanga muli nayo."

Lachisanu lonse Ndaziona anagwira ntchito ngati wodwala malungo. Anapsereza bulauzi ndi simbi. Anathira shuga kawiri m'tiyi wa abwana. Edgar, amene amamufunsa ngati wadya? Amene anatchula amalume? Mayi wa jombo uja amadziwa chiyani za chikondi? Koma akatseka maso, ankaona mchira uja.

Chakumasana foni inalira. "Mawa 9 koloko, dali. Umukonzeretu mnyamata wathu. Ndakugulira kenakake kovala pachala. Usafunse!"

Anayang'ana chala chake kwa nthawi yaitali. Kenako anaika foni pambali.

Loweruka, baki yoyera yokhala ndi khola lachitsulo kumbuyo inaima pageti. Edgar anatsika atavala malaya abuluu aja amene Ndaziona ananena kuti amamukhala. Injini sanaizimitse. Bisiketi atangomva fungo, analowa pansi pa galimoto ya Mayi Venter.

Ndaziona anaima m'kati mwa mpanda, loko ali chitsekere, kiyi ali m'chikhatho.

"Mngoni wanga! Tsegula, ndikupatse moni weniweni."

"A Edgar, ndaganiza. Mumuphunzitsire pompano. Muzibwera tsiku lililonse, ine ndiziphika."

Anamwetulira. "Tinakambirana kale izi."

"Ndiye ndipite nanu ku Nigel. Ndikangoona pomwe azigona, ndibwerera pa tekisi."

"Abwana anga salola alendo."

"Abwana anu ndani? Simunanditchulirepo dzina lawo."

"Iwe, lero wadya chiyani?" Kumwetulira kunali kudakalipo, koma maso anali atasiya. "Ndi mayi uja eti? Wakuthira mawu m'khutu. Baki iyi ndabwereka, ikufunika 11 koloko. Bisiketi! Bwera, mnyamata."

Pansi pa galimoto panali zii.

"Bisiketi, bwera kuno."

Zii. Edgar anagwira zitsulo za geti ndi manja onse awiri. Mtsempha unatukuka pakhosi pake. Anamenya geti ndi chikhatho mpaka loko anadumpha.

"Mfuti! Ndati bwera kuno, galu iwe!"

Galuyo anatuluka. Anatuluka chokwawa, mimba ikukhuza simenti, akulira ngati kamwana, mkodzo ukusiya mzere kumbuyo kwake. Ankakwawira ku geti.

Ndaziona anatembenukira kwa Edgar.

"Mwamuitana ndani?"

Edgar anachotsa manja pa geti.

"Ndafunsa, a Edgar. Mfuti ndani?"

"Chabwino! Ndi wanga! Ndinamugula ali kamwana, ndinamulera ndekha. Anabwera n'kunditengera ngati ndine wakuba. Galu ameneyu ndiye munda wanga kuno ku Joni. Ukufuna ndizidya chiyani?"

"Ndipo khosi lija? Nthiti zija?"

"Galu wokhuta salondera. Iwe zimenezi sungazimvetse."

"Munadziwa bwanji kuti ali kuno?"

Anayang'ana kumsewu. "Mnzanga wolondera ku Wadeville anakuona ukuyenda naye."

"Ndiye pa siteji paja..."

"Ndinadikira masiku atatu." Mwadzidzidzi liwu linafewa, linabwerera lija la m'tekisi. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabokosi kofiira, nakalowetsa pakati pa zitsulo. "Poyamba zinali za galu, sindikana. Koma kenako ndinakudziwa, Ndazi. Zimenezo sindinanamepo. Tamvera: abwana ako sayenda. Pakatha milungu iwiri udzangowauza kuti anathawa ku Nigel. Akatenga wina, agalu osowa pokhala ndi ambiri. Iwe ndi ine tipitirize zathu. Tsegula, dali."

Kiyi anali atamucheka m'chikhatho. Kabokosi kanali pafupi, kongotambasula dzanja. Ankamufuna munthuyu! Ngakhale pamenepo, ankamufuna. Galu anali atafika pamapazi ake, akunjenjemera thupi lonse, maso ali padzanja la Edgar.

Ndaziona anasuntha n'kuima pakati pa galu ndi geti.

"Galu satuluka pano, lero kapena mawa. Tsono ndiyankheni chimodzi. Popanda iyeyu, ine mukundifunabe?"

Maso a Edgar anatsika kaye, anadutsa m'mbali mwa siketi ya Ndaziona, n'kukafika pa galu. Kanali kanthawi kochepa, kongokwana kuphethira kawiri. Atawakweza kuti anene "inde," Ndaziona anali atamva kale.

"Nyamukani," anatero. "Ndikuimbira oyendera ziweto. Nambala ya baki ndaiona."

"Usankha galu kusiya mwamuna? Udzakalamba ukutsuka mabafa a azungu!"

"Nyamukani, a Edgar."

Kabokosi kanabwerera m'thumba. Chitseko cha baki chinamenyedwa, matayala analira, khola lopanda kanthu likugubuduka kumbuyo mpaka pa kona.

Pamenepo Ndaziona anakhala pansi pa simenti, n'kulira kulira kumene sanalirepo chichokereni ku Ntcheu. Anatambasulira galu dzanja, koma Bisiketi anadzidzimuka n'kuthawiranso pansi pa galimoto. Ngakhale dzanja lake analiopa.

"Ndazi!" Mayi Venter anaitana kuchokera m'chipinda. "Kwachitika chiyani? Wamutenga?"

"Ayi, madamu! Ali pompano!"

Anapukuta maso ndi epuloni, anafufuza nambala ya Mayi Deborah, n'kuimba. Inaitana kanayi.

"Amayi, ndine Ndaziona wa ku Elsburg. Ndinakulankhulani mwachipongwe, mundikhululukire. Munali kunena zoona. Wamuitana ndi dzina lina. Miyezi itatu ija, tingayambe liti?"



"Lolemba, 8 koloko. Galuyo ali kuti?"

"Pansi pa galimoto. Akukana kutuluka."

"Musamukoke. Muikireni madzi pafupi, mumusiye, adzatuluka yekha. Nanga inuyo, mwanawe, muli ndi munthu woti mukhale naye lero?"

Ndaziona anayang'ana maso awiri amene ankamusuzumira mumdima wa pansi pa galimoto.

"Alipo," anatero. Anadzuka kukatunga madzi.