Kona ya Gwaza

M'chaka cha 2074 galimoto za mpikisano zinalibe chiwongolero, zinalibe giya, ngakhale hutala. Woyendetsa ankangogona chagada ngati wodwala malungo, n'kuvala chisoti chotchedwa Kamvamtima. Chisoticho chinkamva ganizo la munthu mwini wake asanamalize kuliganiza. Ukaganiza kumanja, galimoto yakhota kale. Ukaganiza liwiro, fyuu, uli ku Ntcheu, mthunzi wako ukadali ku Dedza ukufunsa njira. Galimotozo zinkamvananso. Woyendetsa mmodzi akaona choopsa n'kuchepetsa liwiro, galimoto zina zonse zinkachepetsa nthawi yomweyo, n'kusunga malowo m'mutu kuti mawa zisaiwale.

Msewu wa mpikisano unkazungulira phiri la Dedza n'kudutsa m'mudzi wa Chauwa. Pakati pa mudziwo panali kona yoipa, ili ndi chikwangwani chake: Kona ya Gwaza. A Folopensi Gwaza anali katswiri wa masiku a petulo. Amati konayo ankailowa ndi matayala awiri, dzanja lina akupereka moni kwa apongozi.

Tsono kampani ya mpikisano inafuna kuzula chikwangwanicho, iikepo dzina la chakumwa. A Gwaza anatulukira ku ofesi ndi ndodo yawo, mano otsala ochita kuwerenga.

"Agogo," anatero injiniya wamkulu, Tiyanjane Dzoole, "liwiro lanu lija masiku ano ndi la akabaza."

"Agogo ako ali kwanu. Ndipatse galimoto."

"Chabwino. Mukakhala omaliza, chikwangwani tizula."

"Ndikapanda kukhala womaliza, uchipake penti wekha. Ndi mswachi."

Tsiku linafika, ndipo abale, zinavuta. Anyamata amakono anakulira m'makompyuta, m'mitu mwawo mbee, muli msewu wokhawokha. Koma mutu wa munthu wamkulu ndi msika wa Lachiweru. A Gwaza atakumbukira mbuzi yawo yosowa, galimoto inakhotera kutchire kukaifuna. Chikhodzodzo chitawatsina, inalunjika kuchimbudzi. Pakona iliyonse khosi linkapindika ngati la nkhuku ya chitopa, dzanja likufufuza giya n'kumangogwira bondo.

"Agogo, chepetsani maganizo," anatero Tiyanjane kudzera m'chisoti.

"Ndinayamba kuganiza mayi ako asanamere mano. Ndisiye lero chifukwa cha chipewa?"

Analuma mlomo, nathamangitsa mbuzi ija m'mutu, nayamba kuganiza msewu monga ankaudziwira kale, bampu ndi bampu. Galimoto inalira, mvuuu. Mwayi wake, mnyamata wina anayetsemula, galimoto yake n'kukazungulira m'munda wa kabichi, ndipo pomwe ankabwerera mumsewu a Gwaza anali atamudutsa akuseka, khekhekhe. Sanalinso omaliza. Chikwangwani chinali chitapulumuka, bola angofika.

Akatswiri enieni anali atazungulira phiri lonse, akubwera kumbuyo kwawo kudzawapitiriranso, pamene a Gwaza analowa m'mudzi wa Chauwa. Pafupi ndi kona, masamba aawisi anali atangoyalidwa kudula msewu. M'mudzimo munagwa maliro. Kampani inali itatumiza uthenga kuti masamba adikire mpikisano uthe, koma eni mudzi anayankha kuti malemuwo sanadikire.

Makina anawerenga masambawo kuti ndi zinyalala. Mtima wa a Gwaza unawerenga zina. Galimoto yawo inangoti zii, n'kuyamba kuyenda ngati munthu wapansi, ndipo zonse za kumbuyo zinachita chimodzimodzi.

"Mwaona ngozi yanji?" anafunsa Tiyanjane.

"Palibe ngozi. Pali zovuta pamudzi."

"Pondani masambawo, dziko lonse likuonera. Nanga dzanjalo likufunanji kukhosi? Madala, mukavula chisoti, lamulo likuti ndinu omaliza."

"Ndamva."

"Kwatsala pang'ono, mwapambana kale. Ganizani za dzina lanu."

"Mwanangu, ine ndinapitirira anthu pakona ino tsitsi lisanathothoke, koma sindinapitirirepo maliro chipewa chili kumutu. Kazule chikwangwani chakocho."

Anavula.

Anthu amene anapanga Kamvamtima anaganizira mvula, moto, mphenzi, ngakhale njuchi kulowa m'kabudula. Koma munthu kuvula chisoti dala, mpikisano uli mkati, sanaganizireko. Makina anangokakamira ganizo lomaliza limene anamva: pang'onopang'ono, pano pali anthu akulira. Galimoto zonse zinandanda pambuyo pa mkulu wadazi, nyang'anyang'a, ngati nazonso zikuperekeza. Azimayi a pasiwa anapitiriza nyimbo yawo osacheuka. Katswiri wa dziko lonse, mnyamata wodula kuposa boma la Dedza, anapitiridwa ndi nkhuku ndi anapiye ake, iye akulira m'chisoti, "Amayi ine, galimoto yandikana." Ku ofesi mainjiniya anadina mabatani mpaka zala kutupa.

Lamulo ndi lamulo. Chikwangwani chinazulidwa, n'kubwera chachikulu chowala, cha botolo lomwetulira.

Koma galimoto zija zinali zitasunga malowo. Mainjiniya anazitsuka ubongo, anasintha mawaya, anaitanitsa zatsopano kunja, koma zatsopanozo zikangocheza ndi zakale, basi zatengera. Chaka ndi chaka zimabwera ndi liwiro lothothola udzu padenga, koma zikafika pakona ya Chauwa zimangoti phee, masamba alipo kapena palibe, n'kudutsa mwaulemu ngati mkamwini. Dzina la chakumwa lija palibe amalitchula. Ngakhale owulutsa pa wailesi amangoti, "Afika pa Gwaza, tiyeni tikamwe madzi."

A Gwaza amakoka mpando n'kukhala pansi pa botolo lomwetulira lija, akuzikodola ndi ndodo.

"Ehee, choncho ana anga. Mukawapatse moni a injiniya."

Anzeru aja anapanga makina omva mtima wa munthu, koma anaiwala kuyamba afunsa kuti mumtimamo muli chiyani.