Pikapu Yotsekedwa Pakamwa

Mervin anakhoma chitseko cha galaja yake pa Khonjeni nthawi itadutsa kale teni koloko usiku, a kabaza onse atapita kukagona. Magetsi anali atazima chakumadzulo, ndipo ntchito anaimalizira ndi tochi ya pafoni ataluma ndi mano. Anasamba m'manja ndi sopo wa ufa, n'kuyang'ananso kamodzi pikapu ya kalabu ya alimi a tiyi imene inaima panjapo, yaitali ngati yavala nsapato za gogoda. Kenako anayamba ulendo wa kwawo, wodutsa m'minda ya esiteti.

Pikapuyo anaikweza ndi iye yemwe milungu iwiri m'mbuyomo. Alimi ankadandaula kuti mimba ya galimoto ikugunda miyala akamakatenga masamba kumidzi, choncho Mervin anaika zitsulo zokwezera pa masipuling'i, namanga matayala akuluakulu. Anthu anaima pamsika kuiyamikira, ndipo mwini ntchito anayenda chifuwa patsogolo sabata yathunthu. Koma kuyambira tsiku lomwelo galimoto inayamba kudandaula. Ikaponda dzenje, kutsogolo kunkagogoda. Ikamakhota, kumanzere kunkamveka kukhula, khwee, khwee.

Kugogodako anakugonjetsa: anasintha mabushi, namangitsa mashoko ogwira kudumpha kwa matayala. Kukhula ndiko kunamusokoneza mutu. Anapinda m'mphepete mwa madigadi, malata ophimba matayala aja, ndi hamala, anadula pulasitiki ya m'kati, koma phokoso linali pompo. Tsono usiku umenewo, atatopa komanso manyazi atamugwira, anatapa girizi wodzaza dzanja n'kumata chilichonse chimene dzanja linafika kuseri kwa tayala. Anaizungulitsa pabwalo la mpira kawiri. Zii. Anatumiza uthenga kwa a Elson, dalaivala wa kalabuyo, kuti galimoto yatheka.

Mawa lake m'bandakucha pikapuyo inayenera kunyamuka ulendo wa kwa Changata, njira ya mitsetse yokhayokha, itanyamula amayi opita ku chinkhoswe. Mwini chinkhoswe anali Tisungane, mwana woyamba wa Mervin.

Munthu ukhoza kunamiza kasitomala, ukhoza kunamiza mkazi wako ngati uli ndi luso, koma miyendo yako ikamakutengera kunyumba uli wekha, mtima umakufunsa mafunso. Mervin ankadziwa kuti chimene chinkakhula sanachipeze. Anadziuza kuti mwina kanali kachitsulo kopanda ntchito. Anadziuzanso kuti akabwerako ku chinkhoswe adzaiona bwino masana. Mayankho onsewo anali abwino, koma palibe limene linamukhutiritsa.

Chiperoni chinali chitatsika ndi nkhungu yake yozizira. Tiyi anangoti yalaa mbali zonse ziwiri, wonyowa, wometedwa mofanana, ndipo tochi inkangoonetsa mapazi asanu kutsogolo. Njira inatsetsereka kulowera kumtsinje, kumene kuli manda akale a antchito a pa esiteti pakati pa mitengo ya bulugamu, pafupi ndi mlatho. Mervin anadutsapo kambirimbiri, ndipo sanali munthu wamantha. Ankakonda kunena kuti akufa alibe galimoto, choncho alibe naye chifukwa.

Atayandikira mitengo ija anamva phokoso kumbuyo.

Khwee... khwee...

Anaima. Phokoso linaimanso. Anatembenuka n'kuunika. Nkhungu yokhayokha.

Anayambanso kuyenda, mofulumirirako. Khwee... khwee... Linali phokoso lomwe lija! La tayala la kumanzere! Koma galimoto anaisiya kutali, makiyi ali m'thumba mwake. Fungo linamupeza, fungo limene makaniko aliyense amalidziwa ngakhale ali m'tulo: mafuta a buleki.

"Yasiya kulira, amisiri?"

Mervin anatsala pang'ono kuponya foni! Pambali pake, ngati anayamba naye ulendo limodzi, pankayenda bambo wamfupi wovala ovolosi yobiriwira, ya mtundu umene antchito a ku wekishopu ankavala kale. Manja onse anali noninoni ndi mafuta. Nkhope sinkaoneka bwino, ndipo Mervin sanalimbe mtima kuiunika.

"Ya... yasiya, bambo," anayankha.

"Mwaichiza, kapena mwaitseka pakamwa?"

Anayenda limodzi kudutsa mandawo. Mervin ankamva nsapato zake zikuponda matope. Za mnzakeyo ayi.

"Jeke mumaika pati?" anafunsanso mlendoyo. Mawu ake anali ofatsa, otchula Chichewa ngati a kwa Chimaliro.

"Pansi pa akisolo."

"Eya. Tonse timatero. N'pafupi." Anapumira m'mwamba. "Mukaike pa chasisi, amwene. Tayala lilendewere lokha, monga limachitira likagwera m'ngalande. Mukakhotetse chiwongolero mpaka mapeto. Ndiye mukapise dzanja kuseri."

Anafika pa mlatho. Madzi ankasokosa pansi. Ulemu unamukakamiza Mervin kufunsa.

"Pepani... ndinu ndani, bambo?"

"Dickson. Wa ku wekishopu ya esiteti." Bamboyo anaima, nagwira chitsulo cha mlatho, akuyang'ana kumadzi. "Yanga inasiya kulira Lachisanu. Ndinagona bwino kwambiri usiku umenewo."

Foni inathima. Mdima bii! Mervin anaigwedeza, anaimenya pachikhatho. Itayakanso, pa mlathopo anali yekha.

Anafuna kuthawa, koma sanadziwe kothawira. Kutsogolo, kuseri kwa chitunda, kunali kwawo: mphindi khumi zokha, bulangete, ndi amayi ophika za chinkhoswe amene akanamuseka mpaka mantha kutha. Kumbuyo kunali ulendo wa ola lathunthu, wodutsanso pamanda pomwe paja. Anaima nthawi yaitali, madzi a chiperoni akutsikira m'khosi. Anaganiza za Tisungane atakhala kutsogolo kwa pikapu ndi chitenje chake chatsopano. Kunena zoona, mantha a mzimu anali aakulu, koma mantha amenewa anawaposa. Anatembenuka, nadutsa pamandapo maso ali pansi, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene mawu ake ankadziwa theka.

Pa galaja anachita monga anauzidwira. Anaika jeke pa chasisi, chimango chonyamula thupi la galimoto, n'kupopa mpaka tayala la kumanzere linasiya nthaka, lilikulendewera. Anakhotetsa chiwongolero mpaka chinakana. Kenako anagona chagada, napisa dzanja kuseri, napukuta girizi wake uja ndi chisanza.

Chala chinakhudza paipi ya mphira yotengera mafuta ku buleki. Inali itakokeka ngati chingwe cha gitala, itatsamira pa tayala. Pokweza galimoto paja, Mervin anasiya paipi yakale, yaifupi, ndipo nthawi zonse galimoto ikakhota pamalo okumbika, tayala lalikululo linkaidya pang'onopang'ono. Jeke ikakhala pa akisolo, chitsulo chogwira matayala, paipiyo inkaoneka yomasuka, yosalakwa. Mbali imodzi inali itaperepeseka mpaka ulusi wa m'kati kuonekera. Anaikanikiza ndi chikhadabo. Dontho linatuluka, n'kumugwera patsaya.

Anakhala pansi, msana atatsamira tayala, nalira. Analira ngati mwana, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, chifukwa anadziwa kuti paipi imeneyo sikanapirira mtsetse woyamba wa kwa Changata, ndipo amene anaipaka girizi kuti ikhale chete anali iye. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Iye anafuna kuwaona akuthamanga.

Atapukuta misozi anapita kuseri kwa galaja, kumene kunali kalole kakale kongochotsako zipangizo, namasula mapaipi ake awiri aataliko. Anawatsuka, anawapinda uku ndi uku kufuna ming'alu, namanga mbali zonse ziwiri. Anasula tizitsulo towagwira kuti adutse kutali ndi matayala. Anakhotetsa chiwongolero kumanzere ndi kumanja mwina kakhumi, akupisa dzanja nthawi iliyonse. Pamene tambala ankalira kachiwiri, chinatsala n'kuchotsa mpweya m'mabuleki, ntchito yofuna anthu awiri.

A Elson anafika kukuyera, bambo wa imvi, atavala jekete la ukwati. Anapeza galimoto ili pa jeke.

"Aa, a Mervin! Si munati yatheka?"

Mervin anangowapatsa paipi yakale ija. A Elson anaitembenuza m'manja, napititsa chala podyekapo. Anavula jekete, nakwera pampando kuti aziponda buleki. Mervin analowa pansi ndi sipanala ndi kabotolo.

"Pondani! Pondaninso! Gwirani pomwepo!"

Mafuta anatuluka ndi thovu. Mervin anamanga.

"Siyani! Pondani!"

"Mwaiona bwanji usiku wopanda magetsi?" anafunsa a Elson ali m'mwambamo.

"Si nzeru zanga, achimwene. Ndakumana ndi mkulu wina pa mlatho wa kumanda uja. Ndiye wandiuza poika jeke. Akuti ndi a Dickson, a ku wekishopu ya esiteti. Mudzawathokoze mukadzawaona. Pondani!"

Buleki sinapondedwe.

"A Elson, pondani!"

Mervin anatuluka pansi paja. A Elson anali atagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso ali kutsogolo.

"Afupi? A kwa Chimaliro?"

"Omwewo."

"A Dickson tinawaika m'manda amene mwadutsawo. Zaka khumi ndi zitatu zapita." A Elson anapitiriza: "Lole yonyamula othyola tiyi inkakhula kutsogolo. Anaikonza Lachisanu, phokoso linatha. Loweruka anakwera nawo kutsogolo, iwo ndi mwana wawo Lestina, amene anali atangoyamba kumene kuthyola. Pa mtsetse wa ku mlatho paja buleki inapita. Anthu asanu ndi awiri anafa. Iwo ndi mwanayo anali m'gulu lomwelo."

Mervin anagwira chitseko cha galimoto.

"Inu... munaona?"

"Woyendetsa ndinali ine. Ndinaponda, phazi linangofika pansi."

Kutali, chakumsika, kunayamba kumveka nyimbo ndi nthungululu za amayi a chinkhoswe akubwera kudzakwera. A Elson anapukuta nkhope ndi chikhatho, naika phazi pa buleki, naikanikiza pang'onopang'ono mpaka inalimba. Anaigwira choncho nthawi yaitali.

"Lowaninso pansi, a Mervin," anatero. "Tipopenso kamodzi. Amayiwo adikire."