Hutala ya Malemu Birame

Chodabwitsa chidayamba misozi ya maliro a Birame isanaume n'komwe. Birame anali woyendetsa sitima ya apantchito pakati pa Dakar ndi Rufisque, ndipo zaka zonse za ukwati wake, akamadutsa pa Thiaroye ndi sitima yomaliza, ankaliza hutala mwa mtundu wakewake: kawiri mwachidule, kenako kamodzi mokoka. Mkazi wake Rokhaya akamva zimenezo ankatenthetsa mpunga. Mphatso ya ana Mulungu sadamupatse, ndipo alamu ake adamunyoza mpaka pakamwa kuuma, koma iye mumtima ankangoti: nyozani, hutala ija ndi yanga ndekha.

Tsono munthuyo tidamuika m'manda tonse tikuona. Koma usiku wina hutala ija idamvekanso. Nanga ankaliza uja ndani?

Poyamba Rokhaya adati ndi maloto. Usiku wotsatira anali maso, ali pamkeka m'nsalu zake zaumasiye, mikanda yopempherera ya tasibihi ili m'manja. Sitima yomaliza inali itapita kale, msika wa m'mbali mwa njanji uli zii, ngakhale nkhosa m'makola osalira. Kenako malata adayamba kunjenjemera pang'onopang'ono, timatambula ta tiyi tikugundana m'kabati, ndipo mumdimamo mudatuluka kulira kuja: pii, pii, piiii.

Kutacha mphekesera zinali ponseponse. Amayi ogulitsa nsomba ankati ndi mutu wa sitima wokhawokha, wopanda mabogi, wopanda munthu. Ena ankalumbira kuti tsidya la njanji pamaima chinthu choyera chachifupi, chikugwedeza kamoto.

"Ndi jini limenelo, achemwali," adanong'ona Dior, mnansi wake, atabwera ndi phala. "Likukuitanani. Tsekani zenera."

"Ngati ali Birame, andiitane."

"Aa! Wamasiye kutuluka usiku? Mufuna anthu atiseke?"

Rokhaya ankaopa, inde, koma mantha akewo anali okoma: mwamuna amene manda alephera kumutsekereza ndiye kuti ankakukondadi. Usiku ndi usiku ankadikira, osadya, osagona, mpaka masaya kulowa.

Tsiku lina adalephera kupirira. Malata atangoyamba kunjenjemera, adafunda nsalu kumutu n'kutuluka wosavala nsapato, akuponda mamba a nsomba ndi miyala yakuthwa ya m'njanji. Mutu wa sitima udabwera mwakachetechete, kanyali kake kofooka. Pii, pii, piiii. Pazenera adaona dazi lonyezimira. Sanali mzukwa ayi, anali Massamba, mnzake wa malemu wa kuntchito. Komabe adadzitonthoza kuti mkuluyo akuchita izi pomumvera chisoni iyeyo.

Mutu wa sitima utadutsa, chinthu choyera chija chidaonekera tsidya linalo, chikugwedeza tochi. Rokhaya adawoloka njanji. Kanali kamtsikana, katavala mkanjo wa munthu wamkulu wokwekwereza pansi. Maluwa a ulusi a pakhosi pa mkanjowo adawazindikira: adausoketsera Birame yekha pa chikondwerero cha Tabaski, ndipo mwamunayo adati udabedwa pachingwe.

Kumbuyo kwa mwanayo kudatuluka mayi wachitsikana, nayenso m'nsalu zaumasiye. Atangomuona Rokhaya adagwada.

"Pepani, akulu anga. Mwanayu chibadwire sagona asanamve hutala ya bambo ake. Ndiye a Massamba, akamabweza mutu wa sitima kokaugoneka, amamulizira."

"Bambo ake ndani?"

Mayiyo adangoyang'ana pansi.

Kalanga ine! Nyumba ziwiri zoyang'anizana, njanji pakati, hutala imodzi. Rokhaya adafuna kutukwana, adafuna kung'amba mkanjowo, koma maso ake adagwera pa kamtsikana kaja. Mwanayo anali ndi mphumi ya Birame, ndi mpata womwewo pamano.

"Iwe, dzina lako ndani?"

"Rokhaya."

"Adaumirira kuti timutche dzina lanu," adatero mayi uja akusisima. "Ankati tsiku lina adzabwera naye kwanu. Ankaopa kukupwetekani mtima."

Kamtsikanako kadamuunika kumaso ndi tochi, n'kuona misozi.

"Musalire, amayi. Ababa saima masiku ano, koma amaliza ndithu. Nanunso mumawadikira?"

Rokhaya adagwedeza mutu kuvomera. Adamupindira mwanayo mkanjo kuti angapunthwe, n'kuwoloka njanji yekha. Atafika kunyumba adatseka zenera.