Chimbale Chokana Kutuluka

Phokoso la zitsulo linayamba m'mawa, Singano asanavundukule n'komwe makina ake osokera. Anasuzumira pawindo. Boneti ya galimoto ya malemu mwamuna wake inali yotsegula, ndipo mlamu wake anali atagwada pampando wa dalaivala, sikuludiraiva kukamwa, wailesi ikulendewera panja pa dashibodi ngati dzino lozula theka.

Dzina loti Singano anamupatsa ndi mwamuna wakeyo, poti anali telala komanso woonda. Mlamuyo anthu ankamutcha Injiniya, osati chifukwa anakonzapo chinthu n'kuyenda, koma chifukwa chilichonse chimene wamasula chinkatsala ndi timisomali topanda kobwerera. Loko wa pageti, ayironi, fani ya mayi ake, zonse zinafera m'manja mwake iye akungoti, "Zazing'ono izi."

Galimotoyo anaitenga dzana lake. Chiikireni maliro, apongozi a Singano anasamukira m'nyumbamo, ati kudzamutonthoza, koma kutonthoza kwake kunali kuyendetsa maso pamipando ndi makatani. Ndi iwo amene anachotsa makiyi pamsomali n'kuwaika m'manja mwa Injiniya. "Galimoto ndi ya mwana wanga, ipite kwa mng'ono wake. Uyu anabwera ndi makina osokera, adzachokanso ndi makina osokera." Singano kuyendetsa sankadziwa, ndipo matayala analibe nawo ntchito. Chake chinali m'wailesimo.

Matenda atamufooketsa, mwamuna wake anapita kwa mnzake wa kompyuta n'kukajambula mawu ake pachimbale: uthenga wa kwa mayi ake, macheza a kwa mkazi wake, ndi tinyimbo timene ankaimba posamba. Pobwerera anachilowetsa m'wailesi ya galimoto kuti amve m'mene chatulukira, ndipo chimbalecho chinakanirira momwemo. Kuimba chinkaimba bwinobwino, koma ukadina batani lotulutsira chinkangolira m'kati n'kukhala chete. "Ndikachira tidzapita nayo kwa amagetsi a galimoto," anatero. Sanachire. Kompyuta ya mnzake uja inapsa mwezi womwewo, choncho mawu a munthuyo anatsala pamalo amodzi okha. M'mawa uliwonse Singano ankalowa m'galimoto yoimayo, kupotoza kiyi pang'ono, n'kumvera mwamuna wake akuseka. Kangapo konse anawapempha apongozi ake kuti adzamve nawo, koma iwo sankamulola n'komwe kuti amalize. "Usandiitanire m'galimoto imene unamunyamuliramo kukafa," ankatero, n'kumenyetsa chitseko.

Tsono m'mawa umenewo Singano anathamangira panja wopanda nsapato.

"Alamu, mukutani? Isiyeni wailesiyo, chonde!"

Injiniya analavulira sikuludiraiva pampando n'kumuonetsa kachingwe kakuda kokhala ndi kabokosi pakati. "Ndi adaputa iyi. Pulagi yake ndailowetsa kale kumbuyo kwa wailesi, uku ndilumikize foni, basi nyimbo zanga zizituluka m'masipika. Zazing'ono izi. Bwererani kumakina anu."

"Batire munachotsa?"

"Nanga ndikanagwira mawaya amoto? Mwanditenga chitsiru?"

Singano anagwira kumutu. Wailesi imeneyo inabwera ndi galimoto kuchokera kufakitale, ndipo inali ndi khalidwe lake: ukaichotsera moto imadzitseka, poganiza kuti yabedwa, mpaka utailembera nambala yake yachinsinsi. Anasuzumira m'kati. Batire anali atabwezera kale, ndipo pakagalasi ka wailesi pankangophethira timizere tinayi todikira manambala.

"Mwayesapo kulemba?" anafunsa.

"Chaka chobadwa achimwene chakana. Nambala ya galimoto yakananso."

"Mayo ine! Mukalakwitsa kachitatu imatseka kotheratu, alamu. Musadinenso kanthu."

"Ndiye ndiuzeni. Ndikudziwa kuti anakuuzani."

Zoona, mwamuna wake anamuuza. Anamulowezetsa ali pabedi m'chipatala, akumufunsa mobwerezabwereza ngati mwana wa sukulu mpaka manesi kuseka. Singano anapukuta manja pachitenje chake n'kuima chilili.

"Ndikuuzani, koma tiyambe tapita nayo kwa amagetsi akatulutse chimbale. Chikatuluka, galimoto yanu, wailesi yanu, muziimba zimene mukufuna. Ine sindidzakufunsaninso kanthu."

"Amagetsi a chiyani ine ndilipo? Chimbale chakaniriracho ndichikokera kunja ndi waya."

"Ndi waya?" Singano anamuyang'anitsitsa, ndipo Injiniya anathawitsa maso. Apo m'pamene anazindikira. "Munachimva, eti? Dzana mutangopotoza kiyi anakulankhulani achimwene anu. N'chifukwa chake mwathamangira kukagula kachingweko, simukufuna kuwamva. Nanga amayi mwawauza?"

Sanawauze, ndipo sakanawauza. Ankadziwa kuti mayi ake akangomva zimene zinali m'wailesimo, galimotoyo sidzatulukanso pageti. Koma munthu wamantha akagwidwa sayankha ndi pakamwa. Anatuluka m'galimoto n'kumuwaza Singano mbama yamphamvu, moti anakagwera pachitseko chotsegulacho, mlomo n'kung'ambika pachitsulo.

"Nambala!"

"Sindinena."

Injiniya anamugwira tsitsi n'kumudzutsa nalo. Singano anakuwa, n'kumukanda kumaso ndi zikhadabo, mizere itatu ya magazi n'kutsika patsaya la Injiniya. Iye anamumenya chibakera m'nthiti, kenako china. Agalu a nyumba yoyandikana anayamba kuuwa, mitu ya anthu n'kuyamba kuonekera pamwamba pa mpanda, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene analowa.

Apongozi anatuluka m'nyumba akugogoda ndodo yawo yoyendera. Anaona magazi pabulauzi ya mkazi wa mwana wawo, anaona tsitsi lake lili m'manja mwa mwana wawo wina, ndipo, zomvetsa manyazi kunena, sanakuwe kuti musiye.

"Walakwanso chiyani ameneyu?"

"Akubisa nambala ya wailesi, amayi. Akufuna galimoto ikhale yosalankhula kuti ine ndiitaye."

"Amayi, si choncho!" analira Singano. "M'menemo muli mawu a..."

"Khala chete!" Mayiwo anamenyetsa ndodo pansi. "Unandilanda mwana ali moyo, lero ukufuna kulandanso zake atafa? Muuze nambalayo, mfiti iwe, usanandione ukali wanga."

Injiniya atamva kuti ali ndi womuikira kumbuyo, mphamvu zinachita kumuchulukira. Anamukokera Singano m'galimoto, mawondo akukhulika pamiyala, n'kumukanikiza nkhope padashibodi pafupi ndi timizere tophethira tija. Ndi dzanja linalo anatola sipanala yaikulu imene anamasulira batire, n'kuikweza pamwamba pa wailesi yolendewerayo.

"Ulemba kapena ndiiphwanye? Ndikagula ina yatsopano, yolumikiza foni popanda zachibwana zonsezi. Sankha!"

Mbama Singano akanapirira, zibakera akanapirira mpaka madzulo. Koma sipanala ija inali pamwamba pa mwamuna wake. Anatambasula dzanja, magazi akudontha pagiya, n'kudina manambala anayi aja mmodzimmodzi, mosamala ngati akulowetsa ulusi pasingano. Timizere tija tinazima. M'kati mwa wailesi munamveka kachitsulo kakuzungulira, ndipo masipika onse anayi anatsokomola.

Kunali kutsokomola kwa munthu. Kenako kuseka pang'ono.

"Amayi, mukundimva? Ndine, mwana wanu wamkulu uja, wosamva uja."

Ndodo inagwa m'manja mwa mayiwo. Anayang'ana kumpando wakumbuyo, anayang'ana kumwamba, pakamwa pali yasa.

"Ndati ndikusiyireni mawu, poti inu foni mumaiwala kutchaja," anapitiriza malemuyo, mpweya ukumuchepera koma nthabwala zili zomwezija. "Mankhwala a miyendo muzimwa, musamabise pansi pa pilo, ndimakuonani. Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukamamvera izi musalire ayi. Inu kulira sikukukhalani. Mukamalira mumamveka ngati..."

Injiniya anali atamusiya kale Singano. Ankadina mabatani onse ndi manja awiri, kufuna kuti wailesi isinthire ku adaputa yake, koma pulagi ija anailowetsa mokhota ndipo foni inangoti zii. Mawu a mkulu wake anadzaza galimoto yonse, mayi ake akuyandikira ndi manja otambasula. Pothedwa nzeru anatola sikuludiraiva n'kuibaya pakamwa pa wailesi, polowera chimbale, n'kuipotoza ndi mphamvu zake zonse.

Kunamveka kuthetheka, ngati mbale yadothi yosweka m'thumba. Mawu aja anadukira pomwepo. Kachidutswa konyezimira kanagwera pamwendo pa Singano.

Singano anatola kachidutswako n'kukayang'ana, misozi ikusakanikirana ndi magazi pachibwano.

"Bwezera," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Bwezera ndimve. Amati chiyani? Bwezera!"

"Amayi, chinali chowonongeka kale, ine ndimangofuna..."

"Unkadziwa?" Anamugwira kolala. "Iwe, unkadziwa kuti mkulu wako ali m'menemu?"

Mayiwo anawerama, miyendo yodwala ija osaimvanso, n'kutola ndodo yawo. Yoyamba inamupeza pamphumi, khungu n'kung'ambika. Yachiwiri inamupeza padzanja limene linagwira sikuludiraiva. Anayesa kutseka chitseko cha galimoto kuti abisale, koma ndodo inatera pagalasi la chitsekocho, magalasi n'kumuwazikira pamutu ngati mchere.

"Wandiphera mwana kawiri! Galu iwe, wandiphera mwana kawiri ine ndikuona!"

"Amayi, mundipha!"

"Ndikupha, inde! Tuluka!"

Anatulukira chitseko cha mbali inayo chokwawa, magazi ali chuchuchu kumaso, nsapato imodzi n'kutsalira pansi pa chiwongolero. Anathamangira kugeti, loko amene anamuwononga yekha uja n'kumukanika kutsegula, mpaka anachita kulumpha mpanda anthu aja akumukuwiza. Adaputa yake inatsala ikulendewera padashibodi, foni ili pansi pa mpando.

Mayiwo anakhala pampando wa dalaivala, pamagalasi oswekawo, n'kuyamba kupotoza kiyi. Anapotoza, anazimitsa, anapotozanso. Wailesi inkangokhwekhwereza zidutswa m'mimba mwake. Anaisisita ndi chikhatho ngati akusisita mwana wodwala malungo, akuitana dzina limene ankamuitana ali wakhanda, koma panalibe woyankha.

Singano analowa m'nyumba. Anasamba kumaso, anamanga mlomo ndi kansalu kotsala posoka, anaika zovala zake m'chikwama. Kachidutswa ka chimbale kaja anakakulunga m'mpango n'kukaika pachifuwa. Kenako anamasula mutu wa makina osokera pathebulo lake, anaukulunga m'chitenje n'kuusenza, nthiti zikumubaya pa sitepe iliyonse. Mipando, makatani ndi mbale zimene apongozi ankaziyendetsera maso anazisiya m'malo mwake. Chimene chinkamusunga panyumbapo chinali chitatha.

Atafika pageti anamva miyala ikulira kumbuyo. Apongozi ake ankabwera opanda ndodo, akudzandira, ndipo atamupeza anagwada pansi n'kumugwira mwendo. Mayi amene sanamutchulepo mwana chilowereni m'banjamo anagwada pamiyala anthu onse akuona.

"Mwana wanga, usapite. Ndakulakwira, ndakulakwira kwambiri. Galimoto tenga, nyumba ndi yako, ine ndichoka lero lomwe."

"Galimoto ya chiyani, amayi? Ndinakuitanani kangati kuti mudzamve? Munali ndi miyezi yonseyi. Munali nyimbo m'menemo, munali nkhani ya tsiku limene munamuthamangitsa ndi chipande mpaka kumsika. Zonse zinali zanu, ndipo munaima apo n'kumati andimenye."

"Ndikudziwa. Usandikhululukire, sindikuyenera. Koma undiuze chimodzi chokha." Anakweza nkhope yonyowa. "Anati ndikamalira ndimamveka ngati chiyani? Iwe unamva mpaka kumapeto. Watsala ndiwe wekha. Chonde, anamaliza bwanji?"

Singano anawayang'ana. Mkwiyo unali usanamuchoke, ndipo anadziwa kuti akangotseka pakamwa n'kutuluka, mayiwa adzafa akudzifunsa funso limenelo. Anafunadi kutero. Koma mawuwo sanali ake, anangosungitsidwa, ndipo mwini wake anawanena akuseka.

"Anati mumamveka ngati chitseko cha kubafa chija, chimene bambo anamwalira asanachithire mafuta."

Mayiwo anatsegula pakamwa. Kuseka kunayamba kutuluka, n'kukumana ndi kulira pakhosi, ndipo chimene chinamveka chinali kulira kwa chitseko chadzimbiri, kotalika, kokwera n'kutsika. Anadzimva okha, n'kugwira pakamwa ndi manja onse awiri, koma sikunaleke.

Singano anachotsa mwendo wake m'manja mwawo pang'onopang'ono. Anakankha geti ndi phewa, loko wowonongeka uja n'kugwa pansi, ndipo anatuluka ndi makina ake pamutu. Anayenda mpaka kokhota msewu akuwamvabe.