Kampata ka Kettie

Kettie ankakhala ku Mphunzi, m'munsi mwa phiri. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti kampata kake kasatsekedwe.

Kampatako kanali pa mpanda wa udzu. Kuseri kwa mpandawo kunkakhala Mervis, mnzake wa pamtima. Kettie ankadutsa pamenepo. Mervis ankadutsa pamenepo. Mayi a Mervis akafuna kupala moto, ankadutsanso pamenepo.

Koma mbuzi za kwa Mervis nazo zinapadziwa! Zinalowa n'kudya kabichi yense wa kwa Kettie.

Bambo a Kettie anali mmisiri womanga nyumba. "Basi!" anatero. "Ndimanga mpanda wa njerwa."

Njerwa, matope. Njerwa, matope. Mpanda unafika pa kampata paja.

Kettie anada nkhawa. Njira ina yopita kwa Mervis inali yozungulira kumsewu. Kumeneko sankaloledwa kupita yekha.

Masana bambo anapita kukadya. Matope anali asanaume. Kettie anachotsa njerwa imodzi. Anachotsa ina. Anachotsanso ina. Anazisanja bwinobwino pambali, poti anali mwana wa mmisiri. Ati palibe adziwe. Ana inu!

Bambo anabwera. Anakanda mutu. Anamanganso.

Njerwa, matope. Njerwa, matope.

Tsiku lotsatira, Kettie anachotsanso. Apa bambo anapsa mtima.

"Mayi a Mervis!" anaitana. "Mbuzi zanu zikundigwetsera mpanda!"

Mayi a Mervis anatuluka, manja ali m'chiuno. "Mbuzi zanga ndazimangirira kudambo. Komanso, Bambo a Kettie, munaiona kuti mbuzi yosanja njerwa?"

"Ndiye ndi mwana wanuyu!"

Mervis anayamba kulira.

"Chabwino," anatero mayi ake. "Kuyambira lero, Mervis asapondenso kwanu."

Kettie anali atabisala kuseri kwa nkhokwe. Anachita mantha kwambiri. Koma mnzake ankalira chifukwa cha iye. Anatuluka pang'onopang'ono.

"Bambo, ndine," anatero. Anaonetsa manja ake. Anali matope okhaokha. "Mukatseka, ndizidutsa pati popita kwa Mervis?"

Kettie anatsinzina. Ankadikira kukalipiridwa.

Bambo anayang'ana pansi. Anaona kanjira kosalala. Udzu sunkamera pamenepo. Panali timapazi ta ana. Panalinso mapazi a akuluakulu.

"Ine ndimangoyang'ana njerwa," anatero bambo. "Pansi sindinayang'anepo. Ndikanamanga mpanda n'kugwetsa chinansi. Pepani, Mayi a Mervis. Pepa, Mervis."

Kenako anatembenukira kwa Kettie. "Iwenso wandigwiritsa ntchito kawiri. Ukanangondiuza."

"Pepani, Bambo. Pepa, Mervis."

Mayi a Mervis anatsitsa manja. Anaseka pang'ono. "Ndili ndi matabwa kuseriku," anatero. "Sangakwane kachitseko?"

Anakwana!

Njerwa, matope. Njerwa, matope. Kettie ankatunga madzi. Mervis ankapereka njerwa. Bambo anamanga chipilala uku, chipilala uko. Pakati anaikapo kachitseko. Anakhomanso kachitsulo kotsekera.

"Tayesa," anatero bambo.

Kettie anayesa. Kanatseguka. Mervis anayesa. Kanatseguka.

Madzulo mbuzi zinabwera kuchokera kudambo. Imodzi inayesa ndi mutu. Gu! Gu! Kachitseko kanakana. Onse anafa nacho chiseko.

M'mawa kunazizira kwambiri. Phiri lonse linabisala m'chifunga. Kettie ankaotha moto ndi mayi ndi bambo ake. Anamva kachitseko kakulira, kwii!

"Odi kuno! Tipaleko moto!"

Anali mayi a Mervis. Kumbuyo kwawo kunali Mervis, atafunda chitenje.

Mtima wa Kettie unakhala pansi. Anasendera pang'ono pa mphasa.

"Bwera, Mervis," anatero. "Malo alipo."