Miyala ya m'Chitini cha Nickson

Kwa a Makaiko, kumunsi kwa Domasi Mishoni, kunali pakhomo pabwino, pa pemphero ndi ulimi wa nsomba. Mu 1994 bamboyo anakumba damu lalikulu, ndipo ana awo awiri anawapatsa timadamu toyesera chakudya. Eliza ankadyetsa nsomba zake za makumba madeya ndi zitosi za nkhuku. Mchimwene wake Nickson ankathira masese a mowa ochokera ku Songani.

"Loweruka lililonse tizivuula nsomba uku ndi uku n'kuziika pasikelo," anatero a Makaiko. "Amene zake zalemera aziponya mwala m'chitini chake. Kuvuula kamodzi kumanamiza: lero ukola zikuluzikulu, mawa tiana. Tidzaleka kuyesa chitini china chikadzaposa chinzake ndi miyala yodzaza dzanja. Wopambana damu lalikulu n'lake, ndipo chakudya chakecho tidzathira m'madamu onse."

Poyamba ankangosinthana kupambana. Kenako chitini cha Eliza chinayamba kulira pafupipafupi. Koma nsanje, abale! Mwala ukati gobede, Nickson chakudya sichinkamulowa.

Mayi ake anaona. "Iwe Nickson, maso amene ukuyang'ana nawo mlongo wakowa sindikuwakonda. Kuyesa sikunathe. Dekha."

Sylvester, mnzake amene ankamugulitsa masese aja, anangomuseka. "Aise, uzigonja kwa kamtsikana? Nsomba zili ndi dzina pamphumi?"

Lamlungu anthu ali kutchalitchi, Nickson anati mutu ukumupweteka. Anakokola makumba onenepa a Eliza n'kuwaponya m'damu lake. Lamlungu linalo chimodzimodzi, linalonso. Chitini chake chinapitirira cha Eliza, mpaka miyala yoposayo inadzaza dzanja la bambo ake.

"Ababa, tiyeseko pang'ono," Eliza anapempha akulira. "Nsomba zanga zikutha, sindikumvetsa."

"Tinapangana poimira, mwanawe. Taima."

Nickson analandira damu lalikulu. Iye ankadziwa bwinobwino kuti masese sananenepetse nsomba n'imodzi yomwe, koma akanatsegula pakamwa kuti chiyani? Anangoonerera bambo ake akukhuthula zidebe za masese m'madamu onse.

Dzuwa la Okutobala litafika, madzi anasasa n'kuyamba kununkha. Tsiku lina m'mawa anapeza nsomba zili mbuu pamwamba, mimba kumwamba, damu lililonse. A Makaiko anakhala pansi pamatope.

"Ine ndinayesa bwino," anatero motsitsa mawu. "Sikelo yandinamiza bwanji?"

Nickson anagwada pomwepo. "Si sikelo, ababa. Ndine. Ndinkaba nsomba za Eliza."

Anamukhululukira, inde, koma nsomba sizinadzuke. Damu limene analilirira lija analikwirira ndi khasu, Eliza akumuthandiza.

Achinyamata inu, ndikuuzeni mosabisa: nsanje ndi tchimo, ndipo imabala kuba. Ukanamiza muyeso kuti upose m'bale wako, anthu okukonda amakhulupirira bodza lakolo, n'kulithira m'madamu onse.